Mabenchi a Amayi Anakhomedwa Pakhoma

Tiyirumu ya amayi anga ku Biwi inalibe chokongola chilichonse. Khoma linali la penti wobiriwira kulekeza m'chiuno, kumtunda kwake laimu amene anada kalekale ndi utsi wa mbaula. Munali matebulo okutidwa ndi pulasitiki wa maluwa, kabati ya galasi yoikamo masikono ndi mandasi, ndi mabenchi aatali a mlombwa amene malemu bambo anga anakhometsa ku Mchesi ine ndisanabadwe. Benchi limodzi linkafuna amuna awiri kuti lisunthe. Pamwamba pake panali posalala, osati ndi vanishi, koma ndi mathalauza a anthu a Biwi yense.

Ine ndine telala, ndipo makina anga anali pakona ya kuzenera. Pakona ina panali abambo ena okonza mafoni ndi mawailesi. Munthu ankabwera kudzafupikitsa thalauza, n'kumwa tiyi podikira, foni yake ili pa chaji. Tinkagwira ntchito m'chipinda chimodzi, tikumvera limodzi maliro a pa wailesi ndi mabodza a makasitomala.

Koma mabenchi aja anali ndi ntchito ina yoposa ya tiyi. Kukagwa zovuta m'dera mwathu, masamba asanaikidwe n'komwe pamsewu, amuna a komiti ya maliro ankatulukira pakhomo. Sankapempha. Ankangoti, "Amayi, zagwa kwa auje," amayi n'kuphula ketulo, kumanga chitenje, ndipo makasitomala ankamaliza tiyi wawo chiimirire. Mabenchi ena ankakhalapo azibambo ndi akulu a mpingo. Awiri ankaikidwa mogundana pabwalo, n'kuyalidwa nsalu, ndipo bokosi linkagonekedwa pamenepo nthawi ya mapemphero. Zinali choncho kwa wakufa aliyense, wa mpingo uliwonse, ngakhale chidakwa chimene chinatukwanapo amayi.

Amayi anachoka ku Dedza ali mtsikana, ndipo abale awo ambiri kumeneko anatha. Ankakonda kunena kuti, "Ine kumudzi anandiiwala. Ondiika ndi anthu a Biwi omwewa, ndipo maliro n'kulirana." Atadwala sitiroko n'kufa mbali imodzi, mawu amenewa anasiya kukhala nthabwala. Imfa sankaiopa. Ankaopa kugona pabwalo popanda anthu awo pafupi.

Matenda amenewo ndi amene anabweretsa achimwene anga kuchokera ku Joni. Ndi aakulu kwa ine, ndiponso mwamuna yekha m'banja, choncho makiyi a tiyirumu anapita m'thumba mwawo popanda wokhala pansi kukambirana. Anati malowo akugona. Anati awasandutsa malo amakono, oti achinyamata azibwera ndi malaputopu awo n'kumagwira ntchito pamodzi, wayifayi ilipo, magetsi a sola akathima a boma. Ndinawafunsa ngati ife zaka zonsezi tinkasewera bawo m'menemo. Anaseka n'kunena kuti vuto langa sindinayende.

Anabweretsa mtsikana wodziwa zokongoletsa m'nyumba, amene anali atakonzapo maloji ndi malo odyera a kumayadi. Ndinkafuna kumuda, koma anandivuta kuda. Anagwada popereka moni kwa amayi. Anayeza makoma, anaona kumene dzuwa limalowera, anafunsa za masoketi ndi za madzi. Atafika pa mabenchi anawasisita ndi dzanja, n'kunena kuti mlombwa wotere masiku ano sungaupeze.

Amayi anali pa mpando wawo pakhomo la kuseri. Lilime linali litalemera, koma anayesetsa mpaka mawu anatuluka.

"Amenewo ndi a maliro."

"Mama, zimenezo ndi zakale," anatero achimwene. "Masiku ano anthu amangopanga hayala mipando ya pulasitiki. Ife sitili pa bizinesi ya maliro."

Mtsikana uja anaona nkhope ya amayi ndipo anafuna kuwasangalatsa. Anati, "Ayi, sitiwataya agogo. Ali ndi mbiri amenewa. Tiwapatsa ulemu, aliyense wolowa muno aziwaona."

Ulemu wake unali sowo. Anaitana kalipentala, mabenchi anadulidwa miyendo, anachekedwa, anapalidwa pang'ono, n'kukhomedwa pakhoma lalikulu. Matabwa ena anakuta khomalo, ena anakhala mashelefu oikapo timiphika ta maluwa ndi mabuku amene palibe anawatsegulapo. Pakati anapachikapo chithunzi cha bambo. Tsiku locheka ndinatseka chitseko cha kuchipinda kwa amayi ndi kukweza wailesi, koma sowo ya magetsi siimva wailesi.

Zokhalapo zatsopano zinali za mitundu itatu. M'mbali mwa khoma anaumba chokhalira cha simenti n'kuikapo makushoni a chitenje, ndipo makushoniwo ndinasoka ndine. Kuzenera anaikako timipando tataliatali ta miyendo yachitsulo, tomangidwa pansi ndi mabawuti poopa akuba, toti munthu wovala chitenje sangakwerepo osadzichotsa ulemu. Pakati panali mipando yoluka ya mlaza, yofewa, yoti ukakhalapo umaiwala zonyamuka. Makoma anawapaka penti wotuwa ngati phulusa. Mababu anawalowetsa m'madengu olendewera, ndipo malichero amene ife timapetera anawapachika ngati zithunzi.

Sindinama, munakongola. Anthu ankaima pamsewu kusuzumira. Atsikana ankabwera kuchokera ku Area 25 kudzangojambulitsa chithunzi kutsogolo kwa khoma la mlombwa. Abambo a mafoni aja anauzidwa kuti zida zawo zikudetsa maonekedwe, ndipo anasamukira ku Mchesi. Achimwene anati makina anga akusokosera anthu amene ali pa misonkhano ya pa foni, choncho anandipatsa khonde la kuseri, pafupi ndi mbaula. Malo ogwirira ntchito pamodzi anayamba ndi kutulutsa anthu amene ankagwiramo ntchito.

Patapita miyezi, kunagwa maliro kuseri kwathu. Anamwalira ndi amuna a mnzawo wa amayi wapamtima, mayi amene ankabwera m'mawa uliwonse kudzandithandiza kuwasambitsa chidwalireni. Amuna a komiti anabwera monga mwa nthawi zonse, motsogozedwa ndi atcheya awo, bambo wofatsa amene kale ankayendetsa minibasi. Ndinawaona ali pakhomo ndipo ndinasiya chosoka n'kulowa.

Anaima pakati pa chipinda, chipewa chili m'manja. Achinyamata a malaputopu anadzutsa mitu, n'kuibwezanso. Mmodzi wa amuna aja anagwira kampando ka kuzenera kuti akanyamule, koma sikanasunthe. Atcheya anayang'ana pakhoma nthawi yaitali. Kenaka anayandikira n'kuika chala pa thabwa lina, pamene panali chipsera chakuda chozungulira.

"Apa panapsa ndi kandulo pa maliro a mayi wa kunyumba kwanga," anatero.

Anatembenukira kwa achimwene n'kuloza mipando ya mlaza ija.

"Nanga iyi, achimwene? Ya abusa ndi akuluakulu chabe."

"Pepani bambo, mipando ya muno sichoka," anatero achimwene. "Ndi dizaini, ukachotsa umodzi chilichonse chimasokonekera. Komanso ikada kapena kunyowa ndiye kuti yatha. Mawa muno muli wekishopu, anthu anabuka kale."

"Ndiye mawa mutsegula?"

"Bizinesi, bambo. Koma nyimbo titsitsa."

Atcheya anavala chipewa chawo. Anangoti, "Tamva," n'kutuluka. Ndikanakonda akanatukwana, chifukwa wotukwana umadziwa kuti zathera pomwepo.

Ndinawakalipira achimwene mpaka makasitomala anachotsa zomvera m'makutu. Anandiuza kuti ndikuchititsa manyazi malo. Mawa lake mwambo wa maliro uli mkati kuseri kwa mpanda wathu, kwathu anthu ankawomba m'manja ndi kudya masamusa.

Amayi anamva zonse. Anandiuza kuti ndiwamange chitenje, ndipo tinapita kusiwa akukoka mwendo, dzanja lawo labwino litanyamula kampando kakang'ono ka kuchipinda kwawo. Anakana kuti ndiwanyamulire. Atafika anakapereka kwa amuna a komiti, nati n'kokhako katsala. Mmodzi anakalandira ndi manja awiri, n'kukaika pansi pambali pawo.

"Khalanipo nokha amayi, mwendo ungakuvuteni."

Bokosi la abambo aja linagonekedwa pa mipando iwiri ya pulasitiki, ndipo munthu ankaligwirizira kuti lisapendame. Amayi anayang'ana zimenezo osaphethira. Titangofika pakhomo pathu anauza achimwene kuti azule matabwa aja pakhoma, awakhomenso miyendo. Achimwene anati aona. Anaona mpaka lero.

Kuchokera pamenepo amayi anasanduka munthu wa funso limodzi. Aliyense akabwera kudzawaona, akachoka amayi ankandifunsa, "Kodi akadali okwiya?" Kukagwa maliro ankandituma ndi nkhuni ndi ufa woposa wa nyumba zina. Zinkalandiridwa ndi zikomo. Moni unkaperekedwa, mnzawo uja anapitiriza kubwera kudzawasambitsa, ndipo palibe anatchulapo za mabenchi. Amayi ndinkawauza kuti nkhaniyo inatha. Ankandiyang'ana ngati mmene ankachitira ndili mwana ndikabisa mbale yosweka.

Amayi anamwalira nyengo yotentha, mvula isanagwe. Achimwene analira kwambiri, ndipo sindikunena kuti ankanamizira. Anati mayi awo apita mwaulemu umene Biwi sanauonepo. Anachita hayala tenti yaikulu yoyera, kapeti wobiriwira, ndi mipando yodzaza lole, uliwonse utavekedwa nsalu yoyera ndi riboni kumsana. Mtsikana wokongoletsa uja anabwera yekha kudzayala, maso ali ofiira. Anandanda mipandoyo m'mizere yowongoka bwino, anasiya kanjira pakati, ndipo kutsogolo anaikako choikapo bokosi chachitsulo chonyezimira, chozunguliridwa ndi maluwa.

Anthu anabwera. Biwi yense anabwera, ena kuchokera ku Kawale ndi ku Mchesi. Amayi a kumpingo anaimba, azimayi a m'dera anaphika, amuna a komiti anagwira ntchito yawo yonse osasiyako kanthu. Nditaona khamulo mtima unakhala pansi, ndinati amayi ankaopa pachabe.

Nthawi ya mapemphero itakwana, bokosi linatulutsidwa n'kuikidwa mu tenti, ife achibale tinakhala pa mphasa pambali pake. Ndinadzutsa mutu kuti ndione anthu. Kutsogolo kwanga kunali mipando yoyera yokhayokha. Mzere woyamba munali abusa ndi anzawo ochepa a achimwene ovala magalasi akuda. Kuyambira pamenepo mpaka kumapeto kwa tenti munalibe munthu. Anthu onse anali kunja, padzuwa. Azibambo anakhala pa njerwa, pa zidebe zovundikira, m'mphepete mwa ngalande. Azimayi anayala zitenje zawo pafumbi, kupitirira zingwe za tenti.

Achimwene anatuluka n'kuyamba kuyenda gulu ndi gulu, akuwerama. Ndinkawamva ndili pa mphasa.

"Abambo, chonde lowani, mipando ilipo yambiri. Dzuwali lawawa."

Atcheya anali atakhala pa njerwa ziwiri zosanjikiza. Anavula chipewa n'kuyankha mofatsa.

"Ayi achimwene, musavutike. Tingaidetse. Ife pano tili bwino."

Palibe anasuntha. Abusa analalikira kwa nsalu zoyera, ndipo "ameni" ankachokera kutali ngati wa mpingo wina. Mnzawo wa amayi uja ndi yekhayo amene anadutsa kanjira kaja. Anabwera ndi kampando kamene amayi anakasiya kusiwa kwa amuna ake tsiku lija, anakaika pafupi ndi kumutu kwa bokosi, iye n'kukhala pansi pambali panga.

Ndinakwiya tsiku limenelo, ndipo mkwiyowo sunandichoke. Ndinakwiyira achimwene, zimenezo n'zosachita kufunsa. Koma ndinakwiyiranso anthu a kwathu. Ankadziwa bwino lomwe kuti amene anakana mipando si amene anagona m'bokosi. Ankadziwa amene ankaphula ketulo yawo ikuwira chifukwa cha maliro a eni. Anafuna kuti phunziro limveke, ndipo anasankha kuliperekera pa mtembo wa mayi amene anakoka mwendo wakufa kukawapepesa ndi kampando. Achimwene anachita manyazi masana amodzi, koma amayi alibe maliro achiwiri.

Akufa onse a m'dera mwathu, kwa zaka zonse zimene ndikukumbukira, anagonapo pa mlombwa wa amayi, anthu atawazungulira pafupi moti mawondo ankagunda nsalu. Eni ake anagona pa chitsulo cha hayala, pakati pa iwo ndi anthu awo pali mizere ya mipando yopanda munthu. Mabenchi awo anali pomwepo, kuseri kwa khoma limodzi, atanyamula timiphika ta maluwa.

Titabwerako kumanda, eni tenti anabwera ndi lole kudzatenga katundu wawo. Mayi amene ankavula nsalu za mipando anaziyang'ana imodziimodzi, n'kuzipinda osazikutumula. Pochoka anandigwira dzanja kundipepesa, n'kundiuza kuti chiyambireni ntchitoyi sanaonepo anthu osamala ngati ife, nsalu zonse zabwerera zosafunika kuchapa.