Liwiro ndi Vani ya Mazira

Ntchito ya pa shopu ya matayala inali yomaliza imene achemwali ake a Liwiro akanatha kumupezera. Zina zonse anali atazitaya yekha. Amuna a achemwaliwo, eni shopuyo, ananena mosapsatira tsiku lomwe anamupatsa ovolosi: "Amayi a ana, ndamutenga chifukwa cha inu. Akangondichitira chopusa chimodzi, pa shopu achoke, m'nyumba mwanga achokenso. Apite kwa amalume anu akawete nkhumba."

Kwa amalumewo kunali kutali, kopanda magetsi, ndipo achemwaliwo sankafuna kuti mwana wa mayi awo akathere kumeneko. Anavomera, nalonjeza kuti azimuyang'anira okha. Iwo ndiwo ankakhala pa kauntala, kugulitsa machubu, mavavu ndi oyilo, ndipo pa shopu ponse ankangowatchula kuti Achemwali, potengera iyeyo.

Ankamudziwa kuyambira ali ndi mamina. Bambo awo atagula tivi yakale ya chithunzi chakuda ndi choyera, eriyo anaimangirira pa chitsulo kuseri kwa nyumba, ndipo mphepo ikawomba chithunzi chinkasanduka mchenga. Wotuluka kukapotoza chitsulocho anali Achemwali. Iye ankakhala pansi, mphuno pagalasi, akukuwa: "Pamenepo! Ayi, bwererani! Musasiye!" N'chifukwa chake katuni imene ankaikonda, ya nthiwatiwa yovala chisoti yomwe inkagawa makalata ikuthamanga, Achemwali sanaionepo. Ankangodziwa kanyimbo kake koyambira, kamene ankakamvera pa zenera dzanja lili pa chitsulo. Atakula pang'ono nthiwatiwa anaisiya, akuti ndi za makanda, n'kuyamba kukonda bambo wina wandevu amene ankagwetsa achifwamba ndi mwendo umodzi. Chitseko cha kabati chinathera pamenepo, poyeserera mateche a bamboyo.

Nyimbo nazo zinayenda chimodzimodzi. Anayamba ndi rege. Chipeso kutaya, tsitsi ngati chisa chogwa ndi mvula, nyama kunyumba kukana, koma kuseri kwa msika n'kumapezeka akupukuta mafuta pakamwa. Kenako anakopeka ndi mtsikana wa m'kwaya: tsitsi kumeta, tayi pakhosi, nyimbo zauzimu m'mawa ndi madzulo, ena onse m'nyumbamo kusanduka achikunja. Mtsikanayo atakwatiwa ndi woyimba kiyibodi, uzimu wonse unamuthera sabata yomweyo. Kunabwera rapu, buluku kulendewera m'matako, kulankhula ndi manja ngati akuthamangitsa ntchentche. Ndipo malonda ake anali amodzimodzi nthawi zonse: kugula chinthu pamene aliyense akuchifuna ndipo mtengo uli kumwamba, kuchigulitsa pamene ngakhale ana atopa nacho. Makaseti, masidi, zipewa, matcheni a m'khosi, zonse zinatuluka pakhomo pa mtengo womvetsa chisoni. Munthu wotere mutamupatsa mchere kuti akagulitse, angadikire kaye mvula.

Tsopano nyimbo anali atazisiyiratu. Mahedifoni ankavalabe, koma tsiku lina Achemwali atamuvula n'kuwaika kukhutu kwawo anangomva injini ikulira, viii, viii, ngati udzudzu wonenepa.

"Iwe, chimenechi n'chiyani?"

"Nyimbo zenizeni, achemwali. Tamverani akamasintha giya."

"Ndamva. Bwerera ku kwaya, kunali mawu."

Mpikisano wa magalimoto ndiwo unamupatsa dzina lakuti Liwiro. Lamlungu lililonse masana ankapita ku holo yoonetsera mpira, kukakangana ndi anthu a mpira mpaka amusiyire tivi yaing'ono ya pakona. Ankakhala pamenepo yekhayekha ndi chipewa chofiira, akuonera magalimoto akuzungulira malo amodzi ngati asochera. Pobwera ankalowa m'nyumba akuyenda monyang'wa.

"Lero tapambana."

"Inu ndi ndani?"

"Timu yathu."

"Ikudziwa kuti uli moyo?"

Chiphaso choyendetsera analibe. Chiwongolero sanachigwirepo, kupatula cha galimoto yakufa imene inali pa njerwa kuseri kwa shopu. Mu minibasi, ikangokhota kawiri, ankatuluka thukuta n'kuyamba kufunsa amene ali ndi pepala la pulasitiki.

Chimene chinkamuthetsa nzeru kwambiri sanali oyendetsa, koma anthu osintha matayala. Galimoto ya mpikisano ikangoima, gulu limaigwera nthawi imodzi: wina kuikweza kutsogolo, wina kumbuyo, matayala onse anayi kuchoka n'kubwera atsopano, ndipo munthu usanaphethire yapita. Kwa alamu ake kunali kwina. Lamulo lawo linali tayala limodzi nthawi imodzi, chipika pansi pa galimoto kuti jeke ikaterereka pakhale chogwira, manati kumanga mopingasa, kutsitsa, kumanganso.

"Alamu, kunja kuja akanakhala atamaliza, kusamba, n'kudya kale."

"Kunja kuja akulembe ntchito. Gwira chipika."

Eni shopu akangochoka, Liwiro ankasonkhanitsa anzake ogwira nawo ntchito n'kuwaonetsa mavidiyo pa foni. Anali amuna anayi a mabanja awo, otopa ndi kudikira makasitomala, ndipo chilichonse chothetsa ulesi wa masana chinali chabwino kwa iwo. Anayamba kuyeserera pa galimoto yakufa ija. Aliyense anapatsidwa tayala lake. Aliyense akamaliza ankakweza dzanja. Alonda awiri a sitolo yoyandikana nayo anapatsidwa majeke. Liwiro mwiniwake anadzisankhira udindo umene anati ndi waukulu kuposa yonse: kuima kutsogolo kwa galimoto ndi chikatoni choperekera chizindikiro m'manja, kuyang'ana nthawi pa foni, n'kulamula kuti atsitse. Pa anthu onsewo, amene sankagwira chitsulo chilichonse anali iye.

Achemwali ankaziona zonsezi pa zenera la kauntala. Akanatha kuuza amuna awo, koma sanatero. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake mwanayu ankadzuka osamudzutsa, ankafika pa ntchito shopu isanatsegulidwe, ankapukuta masipanala n'kuwayala mwadongosolo. Mumtima ankati mwina misala iyi ndiyo imugwire dzanja. Nanga galimoto yakufa ingafenso kachiwiri?

M'mawa wina eni shopu atapita kukaoda katundu, kunafika vani ya mayi wa mazira. Ameneyu anali kasitomala wolemera kuposa onse: mavani ake ambiri ndithu, onse osinthidwa matayala pomwepo, ndipo sankanenerera mtengo. Vaniyo inali itadzaza mathireyi kufika kudenga. Mayiyo anatsika ndi dalaivala wake, foni kukhutu, akukalipira winawake.

"Asisi, matayala onse anayi, atsopano," anauza Achemwali. "Apolisi andivutitsa nawo awa. Koma chonde mwachangu, masitolo akudikira, dzuwa likakwera mazira anga avutika."

Mawu akuti mwachangu Liwiro anali atawadikira moyo wake wonse. Anavala chipewa chofiira, nalira mluzu ndi zala.

Achemwali analowa m'chipinda chosungira katundu kukasankha matayala oyenera, ndipo anachedwako pang'ono chifukwa awiri anali pansi penipeni pa mulu. Anzake a Liwiro anawagubuduza kutuluka nawo mothamanga zachilendo. Pamene Achemwali ankatuluka akupukuta manja, anapeza vani ili m'mwamba, jeke imodzi kutsogolo, ina kumbuyo, alonda awiri aja atagwira zogwirira, zipika zili uko pakhoma pomwe zimagona. Matayala akale onse anayi anali atachoka kale.

"Iwe! Zipika!"

"Achemwali, musatisokoneze, nthawi ikuyenda!"

Achemwali anaima pakhomo pomwepo. Ankawerenga ndi maso, monga amachitira ndi katundu wa pa shelefu: matayala anayi, amuna anayi, masipanala atatu. Pa galimoto yakufa ija vutoli silinkaoneka, chifukwa tayala limodzi lakumbuyo linalibe manati, linkangokolekedwa. Apa wa tayala lakumbuyo kumanzere anali atabwereketsa sipanala kwa mnzake, ndipo tayala latsopano linali likukana kulowa m'mabawuti. Anali atalichotsanso kuti aliyang'ane bwino. Vani inamubisa, ndipo Liwiro, ali kutsogolo ndi chikatoni chake, sankamuona.

Dzanja loyamba linakwera. Lachiwiri. Lachitatu. Liwiro anayang'ana foni, nkhope ikunyezimira. Lachinayi analiwerengera mumtima.

"Tsitsani!"

Alonda aja anali atawaphunzitsa bwino: osafunsa, osachedwa, kumasula kamodzi n'kamodzi. Vani inatsika ndi mphamvu, mbali zitatu pa matayala, mbali yachinayi pa simenti. Bambo wa tayala lija anadumphira kumbuyo n'kugwera m'beseni la madzi loyesera machubu. Mkati mwa vani munamveka phokoso lalitali, lofewa, lotsatizana, ngati munthu akuponda masamba ouma ambirimbiri. Kenako zii. Kenako pansi pa chitseko chakumbuyo panayamba kutuluka madzi achikasu, pang'onopang'ono, akulowera ku ngalande.

Mayi wa mazira anachotsa foni kukhutu. Sanakuwe. Anayenda mpaka pomwe panaima Liwiro, namuyang'ana kuyambira pa chipewa mpaka kunsapato.

"Achimwene, inu ntchito yanu pano ndi yotani?"

"Ndine wolamula, amayi."

"Wolamula chiyani?"

"Kutsitsa."

"Mwatsitsadi. Mulungu akudalitseni, mwatsitsa."

"Amayi, vuto ndi zida. Kunja kuja nati imakhala imodzi pa tayala, ndiye sipanala yake ndi ya mpweya. Kuno manati ambirimbiri ngati..."

"Kunja kuja amanyamula mazira?"

Dalaivala anatsegula chitseko chakumbuyo, ndipo zimene zinali zitatsala zinatsetsereka n'kumugwera pa nsapato. Anthu a m'basi imene inali pa siteji anayamba kuwomba m'manja. Wina anakuwa kufunsa ngati pali wogulitsa buledi pafupi. Agalu a pa msika anafika asanaitanidwe.

Eni shopu anafika ndi pikapu yodzaza matayala pamene ntchentche zinali zitayamba kale msonkhano. Anatsika, nazungulira vani, nayang'ana chitsulo cha mabuleki chimene chinali chitapindika pa simenti, nayang'ana zipika pakhoma. Mayi wa mazira anawauza mwaulemu wonse kuti za kuwonongekaku akambirana mawa, ndi kuti mavani ake ena asawadikirenso. Liwiro ankafotokozabe za nati imodzi. Bamboyo anatembenukira kwa akazi awo.

"Munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Liwiro anasendera pafupi ndi achemwali ake, monga ankachitira nthawi zonse zinthu zikavuta. Ankadziwa mmene zimathera: iwo amagwada, amalira pang'ono, amatchula mayi awo, ndipo iye amapatsidwa mwayi wina. Anawanong'oneza: "Alankhuleni alamu. Muwauze kuti matayala atatu analowa bwinobwino. Atatu pa anayi si zoipa kwa anthu oyamba kumene."

Achemwali anamuyang'ana. Mlongo wawoyo anali bambo wa imvi ziwiri zitatu m'ndevu, dzira likumuyenderera pa buluku, chikatoni chili m'khwapa. Bambo uja wa m'beseni anali atakhala pa tayala, akuyang'ana phazi lake limene linatsala pang'ono kutsalira pansi pa vani. Mawu opempha anali okonzeka pakamwa pa Achemwali, poti anali atawanena kambirimbiri, koma anangowameza.

"Vula ovolosi," anatero. "Uichape kaye usanaibweze."

"Achemwali, mukunena ine?"

"Pali wina amene wavala chipewa chofiira?"

M'mawa mwake anamuperekeza okha ku basi. Anamunyamulira chikwama chimodzi, anamukulungira chakudya cha pa njira, ndi bulangeti lawo labwino, poti kwa amalume kumazizira. Njira yonse iye ankafotokoza kuti timu iliyonse yaikulu inayamba ndi ngozi, ndi kuti alamu adzamufuna okha akadzaona kuti makasitomala akuthawira kwa ofulumira. Achemwali ankamumvera chisoni, ndipo zinkawakwiyitsa kuti amvere chisoni munthu ngati ameneyu.

Basi itayamba kuyenda, Liwiro anatulutsa mutu pa zenera.

"Achemwali! Kodi kwa amalume netiweki imagwira?"

"Ukafunse nkhumba!"

Anaima pamenepo mpaka basi inakhota. Kenako anamanga bwino nsalu m'chiuno n'kubwerera ku shopu, kumene simenti inali ikununkhabe, ndipo amuna awo anali atawasiyira ndowa ndi burashi pakhomo.