Tsiku Limene 1,000,001 Anatitsekera M'kalasi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Sitandade 7 pa sukulu ina kufupi ndi Thuchila, pamene a Malikebu, aphunzitsi a masamu, anatipeza ine ndi mnzanga Esinala tikusenda chinanazi pansi pa desiki. Iwo sankakwapula ana. Chibalo chawo chinali nambala.

Anzathu ataweruka, analemba pa bolodi 1,000,001. Anati tiwauze ngati ndi pulayimu, ndiye kuti nambala yosagawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe. Tikalakwa, tiyambanso ndi ina yaikulu kuposa pamenepo.

Vuto linali mtsinje. Kwathu kunali kutsidya, mlatho panalibe, ndipo phiri linali litada kale ndi mitambo. Mvula ikagwa kumeneko, madzi amafika kwathuko kusanadonthe n'komwe. Mtsinje ukanadzaza, tikanagona tsidya lino makolo osadziwa komwe tili.

Tinagawana ntchito. 2 ndi 5 tinawataya pongoyang'ana nambala yothera. 3 anakana. 7, 11 ndi 13, onse pogawa anasiya 2. Pakhoma panali tchati cha mapulayimu osafika 100, ndipo tinatsika nacho mmodzimmodzi, choko chikutithyokera m'manja. Kunja kunkagunda. Mphepo inabwera ndi fungo la dothi lonyowa. 97, womaliza pa tchati, anasiya 28.

"Basi, ndi pulayimu," ndinanong'ona. "Tiye tikanene, iwe."

"Wauzidwa ndi ndani?" anatero Esinala. "Chatha ndi tchati, osati manambala. Ukufuna atipatse ina?"

"Ndiye ugone pano, uzifunda bolodi!"

Esinala anapita kutsogolo, nagwada pang'ono. "Aphunzitsi, sitikudziwa. Tayesa onse mpaka 97, palibe waigawa. Kupitirira apo sitinafike. Koma kuphiri kwagwa mvula, ndipo ife timawoloka."

A Malikebu anayang'ana bolodi. Kenaka anasuzumira pa windo, nkhope n'kusintha. "Bwanji osanena kale, ana inu? Yankho ndalandira. Nyamukani!"

Anatiperekeza okha, akuthamanga ndi nsapato m'manja. Tinapeza madzi atafiira, akukokolola mapesi. Anatigwira manja, wina uku wina uku, madzi akutimenya m'ntchafu. Titaponda kutsidya tinacheuka, mwala umene amayi ankachapirapo unali utamira. A Malikebu anagona kwa amalume anga.

M'mawa anatiuza tiyese pulayimu wotsatira, 101. Analowa ka 9,901, osasiya kanthu. Ndikanayankha ine, bwenzi titapatsidwa nambala ina, mtsinje n'kutitsekera.

Lero ndimalemba nkhani za m'nyuzipepala, ndipo madzulo alionse pamakhala wina wondifulumiza. Anthu asanu akakana kuti sanaone kanthu, dzanja limafuna kulemba kuti palibe chinachitika. Ndimalemba kuti ndafunsa asanu, wachisanu ndi chimodzi sindinamupeze.