Chikwatu pansi pa malata

Alongo anga aakulu anali kalaliki pa boma ku Chipata, ndipo chilichonse chonyezimira kwa iwo chinali chitukuko. Nsapato zinkapukutidwa kawiri pa tsiku. Chikwama cha mapepala ankachinyamula ngakhale popita kumaliro, chonsecho m'kati munali nyuzi yadzana ndi mpango basi. Chaka chimene anawakweza pa ntchito, patangopita nyengo pang'ono chithere chilala chija cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anayang'ana nyumba ya amayi ku Chiparamba n'kuona kuti denga lake la udzu likuwachititsa manyazi.

Ine nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale ku Kapata, ndipo kumudzi ndinkapita Loweruka lililonse pa njinga. Bambo athu, amene anali mphunzitsi wa mishoni, anali atamwalira kalekale. Amayi ankakhala okha, ndipo chuma chawo chenicheni chinali chimodzi: mbewu ya nsawa imene anabwera nayo kuchokera kwawo ku Chipangali pokwatiwa. Zinali nsawa zikuluzikulu, za khungu lofiirira, zonona moti nsinjiro zake zinkamata mumtondo. Chaka ndi chaka ankasankha makoko abwino, n'kuwakulunga m'chikwatu cha masamba ndi luzi, n'kuchipachika pa phaso pansi pa udzu, kumene makoswe safika msanga ndipo kumakhala kozizira. Chaka cha chilala tinawapempha kuti atsitse chikwatucho tidye, iwo anakana kwamtuwagalu. Anatafuna mango aawisi, koma mbewu ija sanaikhudze.

Mwezi wa Julayi alongo anga anafika ndi lole, malata ndi amisiri awiri. Sanafunse munthu. Ndinapeza udzu wonse uli pansi, mbuzi zikuyendapo, iwo ataima chapatali manja m'thumba ngati akuyang'anira ntchito yomanga mlatho.

"Nanga siling'i muika liti?" ndinawafunsa.

"Siling'i ya chiyani? Iwe, malata aziwoneka. Munthu akalowa adziwe kuti mayi uyu anabala."

Umenewo ndiwo unali mutu wonse wa nkhani. Denga linali la amayi, koma alongo anga ankafolera anthu odutsa mumsewu.

Ine nyumba ya malata opanda siling'i ndinkaidziwa bwino, chifukwa kalasi yanga inali yotero. Ikakwana leveni koloko m'mwezi wa Okutobala ana ankayamba kuwodzera mmodzimmodzi, ndipo choko chinkaterereka m'manja. Dzuwa likawomba lata, lata silisunga kanthu, limangopatsira moto wonse kwa amene ali pansi pake. M'mwezi wa Juni limachita zosiyana: kutentha konse kwa m'nyumba kumathawira kumwamba, m'mawa mame n'kumadonthera pa bulangete. Udzu wochindikala suchita zimenezo. Umatsekereza kutentha kunja masana, n'kusunga kofunda m'kati kukazizira. Masiku ano ndimamva kuti kumaiko ena nyumba amazipatsa malikisi poona mmene zimasungira kutentha ndi kuzizira. Akadandipatsa ine cholembera chofiira, nyumba ya alongo anga ija ndikadailemba ziro, n'kuitanitsa kholo.

Ndiye ndinachita zimene ndikanatha. Ine ndi amuna anga tinagula mphasa zisanu ndi imodzi kwa bambo wina woluka bango kudambo, tinamanga nsungwi mopingasa pansi pa mapaso, n'kuyala mphasazo pamwamba pake. Pakati pa mphasa ndi malata tinasiya mpata wokwana mkono, ndipo tinayalamo udzu wotsala uja pang'ono. Sizinali zokongola, ndivomere. Koma utalowa masana unkapuma ngati munthu, ndipo amayi anapachika chikwatu chawo pa nsungwi, kunsi kwa mphasa, pamthunzi.

Mphasa zathu zinakhala masabata atatu.

Kumayambiriro kwa Seputembala alongo anga anakonza mapemphero opatulira nyumba. Anaitana akulu a mpingo, anzawo a ku ofesi ndi munthu wojambula zithunzi. Alongo angawo anafika dzulo lake kudzaona ngati zonse zili m'malo, ndipo atakweza maso anaona bango. Ine kunalibe. Amayi ndiwo anandiuza pambuyo pake kuti munthu wamkulu uja anakwera yekha pa tebulo, tayi ili pakhosi, n'kumadula luzi ndi mpeni wa kukhitchini. Akuti ankanena kuti sanavutike kuchotsa umphawi kunja kuti wina audzetse m'kati.

"Inu simunawaletse bwanji?" ndinafunsa amayi.

"Ndi nyumba imene wandimangira mwana wanga," anatero. "Ndikanati chiyani?"

Mapemphero anachitika. Alendo anakhala m'chipinda chochezera, thukuta likuyenderera m'makolala, azimayi akudzikupiza ndi mabuku a nyimbo. Aliyense ankayang'ana kumwamba n'kuyamikira malata, kenako n'kupempha madzi akumwa. Mkulu wina wa mpingo anafupikitsa pemphero, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. Alongo anga anamwetulira tsiku lonse, ndipo chithunzi cha tsikulo chilipobe: iwo ali pakati, chala chikuloza denga.

Apa ndiyenera kudzinena ndekha, chifukwa nanenso ndinapusa. Mphasa zitachoka, amayi anatenga chikwatu chija n'kuchipachika pamene chinkakhala masiku onse, pa phaso, pamwamba penipeni. Mbewu malo ake ndi kudenga, ndi mmene anaphunzirira, ndipo kwa zaka makumi anayi denga silinawanamizepo. Koma tsopano chikwatucho chinali chitagunda lata. Ine ndinachiona Loweruka lililonse. Ndinkalowa, n'kutukwana kutentha, n'kutulutsa mpando kukakhala pansi pa mtengo wa mango, mutu uli pa mkangano wanga ndi alongo anga. Mphunzitsi wathunthu, wophunzitsa ana kuti mbewu ndi chamoyo, sindinaganize zokweza dzanja n'kuchitsitsa chikwatucho. Amayi masana ankathawira m'kakhitchini kawo ka udzu. Mbewu ija inalibe kothawira, inakhala pamenepo Okutobala yense ndi theka la Novembala.

Mvula itagwa yokwanira tinatsitsa chikwatu. Masamba ake anangofumbutuka m'manja. Posenda, nsawa zinkaoneka bwinobwino, kungoti khungu linkasupuka msanga ndipo zina zinkagawanika pakati zokha. Amayi anaika imodzi m'kamwa, n'kutafuna pang'onopang'ono. Tinabzala mizere yonse ya kuseri kwa nyumba, ndipo anasungako zodzaza kambale kamodzi zoti adzabwerezere m'mapando molephera.

Patapita masabata awiri munda wa oyandikana nawo unali utabiriwira. Wathu unali dothi lokhalokha. Ndinawapeza amayi atagwada pamzere, akufukula ndi chala phando limodzi, kenako lina, kenako lina. Monse munali nsawa zofufuma, zakuda, zonunkha chuku. Ndinawauza kuti tikafunse ku Chipangali, mwina wina akadali nayo mbewuyo. Anapukusa mutu. Abale awo onse anadya yawo chaka cha chilala, ndipo awiri anali atabwera kale kudzapempha kwa iwo kuti adzawagawireko akakolola.

Lamulungu lotsatira alongo anga anabwera kudzamva mmene malata akulirira ndi mvula. Ndinawauza zonse pakhonde, ndipo sindinasankhe mawu. Anandimvetsera ngati ndikuwauza za nkhuku ya eni.

"Nsawa zokhazo?" anatero. "M'tauni mbewu ili mbwee m'masitolo, ya m'mapaketi, yoyesedwa ndi akatswiri. Ndibweretsa. Chachikulu n'chakuti amayi sakudonthedwa."

Denga la udzu lija silinadonthepo n'kamodzi komwe.

Amayi analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kambale kaja ka mbewu yotsala. Anakaika pa mpando patsogolo pa mwana wawo. Alongo anga anakokera mpando pafupi, anayamba kutola ziwiriziwiri, akufikisa khungu ndi zala n'kuuzira. Anadya mosangalala, akusimba za bwana wawo watsopano, mpaka m'mbale munatsala makungu okhaokha. Kenako anapukuta manja ndi mpango wa m'chikwama chija.

"Nsawa zathu izi, kukoma kwake sikusintha," anatero. "Amayi, chaka chamawa mundisungireko thumba limodzi, ndikagawireko anzanga ku ofesi."

Amayi anatenga kambale kaja, anakhuthulira makungu pansi, n'kukapukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Wamaliza ndiwe, mwanangu," anatero. "Zimenezo zinali zomaliza."