Makutu a Merv Tulloch

A Merv Tulloch anagwira ntchito yoyendera zitsime pa famu ya ng'ombe ya Kullawirra zaka makumi atatu. M'mawa uliwonse ankaliza kagalimoto kawo kakutha, kukaona ngati mapampu akukoka madzi. Ine ndinali wophika pa famupo, choncho ndinkawadziwa bwino. Anali munthu wosayankhulayankhula.

Poyenda okhaokha m'chipululumo anazolowerana ndi katimba kena kofiirira kobisala mu udzu waminga. Sikakonda kuuluka, kamangothamanga ngati mbewa, mchira uli m'mwamba. Anthu ankachokera ku Sydney, ena kutsidya kwa nyanja, atanyamula makamera aatali ngati mkono, n'kubwerera osakaona. A Merv ankangoima, kupendeketsa mutu, n'kuloza. Kulira kwake n'kwapansipansi, kosongoka, koma iwo ankakumva ngakhale mphepo ikuwomba. Mwini famu ataona zimenezi anawasiyira alendo onse.

Tsiku lina anatenga mayi wina wa ku Adelaide, mphunzitsi wopuma pa ntchito. Ataima pa chitunda cha miyala, mayiyo anati, "Si kameneko kakulira?" A Merv sanamve kanthu.

Masana amenewo nyama yankhosa inazizira m'mbale mwawo.

"Madala, ndapsereza kapena?" ndinawafunsa.

"Makutu apita, Noeleen. Inu ndikukumvani, tsoka langa. Koma kaja ayi."

Dokotala wobwera pa ndege anawapatsa timakina ta m'makutu, koma m'tchire tinkangowasokosera ndi mphepo. Anatiponya m'kabati, n'kukauza bwana kuti alendo afune wina.

Mlungu wotsatira kunafika banja lina lokalamba la ku Japan, litayenda masiku atatu. Ndinawaona ali pakhonde, makamera pamiyendo, ndipo ndinavula epuloni.

"Tiyeni, ndikakumvereni katimbako," ndinawauza a Merv.

"Inu? Khwangwala ndi nkhuku simusiyanitsa."

"Kusiyanitsa ndi ntchito yanu. Ine kwanga n'kumva basi."

Tsiku loyamba ndinawaimitsa kasanu chifukwa cha ziwala. A Merv anandinena mpaka alendowo, osamva bwino chinenero chathu, anayamba kuseka. Lachiwiri ndinamva kamluzu kowonda ngati ulusi, ndinawakoka malaya a Merv. Kumene kakuchokera sindinadziwe. Iwo anayang'ana mphepo, anayang'ana miyala, n'kuloza chitsamba chimene ine sindikanachiganizira. Tinadikira, ntchentche zili mbwee kumaso. Kenako katimba kanatuluka, kanakwera pa mwala, kanatambasula kukhosi n'kuyamba kuimba. A Merv ankangoona kamlomo kakutseguka.

"Kakuimba nyimbo yaitali ija?" anandinong'oneza.

"Eya, yaitali."

Anagwedeza mutu, n'kutsitsa chipewa kumaso.

Tinayenda choncho nyengo zozizira zinayi, chakudya chamasana chikuchedwa, anyamata oweta ng'ombe akudandaula. Kenako a Merv mawondo anawakana, mwana wawo wamkazi anadzawatenga kupita nawo ku Longreach. Tsopano alendo ndimawatenga ndekha. Mwa atatu alionse, mmodzi amabwerera osakaona.