Buku limene a Tobias anasoka

Mabuku a masamu a Fomu 1 ndinali nawo atatu pa tebulo langa pamsika wa Songani: la K9,000, la K6,500, ndi la K2,000 limene chiswe chinadya masamba ake akutsogolo. A Tobias anawatsegula onse kuyambira kumbuyo, ngati akuyang'ana kunsi kwa nsapato.

A Tobias amasoka nsapato pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi pamene ndimayala mabuku akale. Akhala pamenepo zaka makumi awiri, ndipo sukulu analekezera Sitandade 6. Akazi awo anamwalira n'kuwasiyira mwana mmodzi, Enifa, amene anasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera. Koma Enifa ali ndi matenda akugwa. Atagwa kawiri m'kalasi, anzake anayamba kukokera madesiki kutali, poopa kuti awapatsira. Kachitatu anagwera panjira, m'mbali mwa mtsinje wa Domasi, ndipo bambo ake anati basi, aziphunzirira pakhomo.

"Chichewa ndi Chingerezi awerenga yekha," anandiuza. "Chandivuta ndi masamu osakaniza manambala ndi zilembo awa."

"Aljebula, madala."

"Yemweyo. Ife tinkawerenga mbuzi zooneka. Awa akusakasaka x, mbuzi imene palibe anaionapo."

Ndinawauza kuti la K6,500 ndilo labwino kwa mwana wopanda mphunzitsi, chifukwa limafotokoza pang'onopang'ono ndipo zitsanzo n'zambiri. La K9,000 limathamanga. Koma labwinolo linalibe masamba omaliza a mayankho. Mwina wina anakulungiramo mtedza.

"Nanga ndizichonga bwanji, iwe Mwayi? Ine maso ndili nawo, koma mutu wa x ndilibe."

Kenako anaona lodyedwa ndi chiswe lija. Dzina lomwelo, chikuto cha mtundu womwewo, mayankho ali onse. Anaseka. "Nsapato ziwiri zakutha zimabala imodzi yabwino." Ndinawapatsa ngati banyira. Anathothola masamba a mayankho n'kuwasokerera ku buku linalo ndi ulusi wa nsapato, msoko wowongoka bwino. Tonse tinakondwa. Sindinayang'ane chaka chimene lililonse linasindikizidwa.

Miyezi itatu, m'mawa uliwonse asanapalase njinga kubwera kumsika, ankakhala pakhonde ndi cholembera chofiira, chala china pa kope la Enifa, china pa mayankho. Akafika ankandiuza.

"Lero wakhoza awiri pa khumi. Ndamuuza abwereze. Wabwereza katatu, yankho lomwelo. Liuma ngati mayi ake."

Sankamukalipira. Akakhoza atatu ankamugulira mandasi. Ine ndinkangoti aljebula amavuta poyamba, azolowera.

Lolemba lapitali a Tobias anaika buku ndi kope pa tebulo langa.

"Ugulitse kwa wina. Enifa wapita ku Liwonde kwa mayi ake aang'ono, azikalera ana. Wapempha yekha. Akuti, 'Ababa, musavutike nane. Kugwaku kwandithera mutu.'"

Atabwerera pansi pa mango, ndinatsegula kope. Zolemba zaukhondo, mzere uliwonse pamalo pake. 3x + 5 = 20, ndiye x = 5. Pambali pake mtanda wofiira. Ku mayankho kunalembedwa 7. Ndinayesa samu ina, inanso. Kenako ndinafukula chotsala cha buku la chiswe pansi pa katoni. Linali la silabasi yakale. Manambala a mafunso anali omwewo, koma masamu ambiri anasinthidwa.

Masana onse sindinaitanire kasitomala. M'kopemo munali masamu 240. Enifa anakhoza 218. Ochongedwa anali 41.

Ndinawapeza a Tobias akusoka sandasi ya mayi wina. Ndinawafotokozera, n'kuwaonetsa samu ya x = 5 powerenga ndi timisomali tawo ta nsapato. Anabaya singano pa sandasiyo n'kuisiya.

"Ndiye kuti mwanayo ankakhoza?"

"Ankakhoza, madala."

"Tsiku lililonse?"

"Pafupifupi."

Anayang'ana kopelo nthawi yaitali, akusisita mitanda ndi chala ngati ingafufutike.

"Anandifunsa kamodzi," anatero. "Anati, 'Ababa, kodi buku silingalakwitse?' Ine ndinati buku analemba ndi anthu ophunzira, iwe ndiwe ndani."

Ndinati wolakwa ndine, chifukwa mabuku ndi ntchito yanga.

"Unasoka ndiwe?" anandifunsa, osakweza mawu.

Anatenga mpeni wodulira zikopa, n'kudula ulusi wa buku uja mfundo imodziimodzi. Mwini sandasi atabwera, anamuuza kuti abwere mawa. Pa zaka zonsezi sindinamvepo a Tobias akuuza munthu kuti abwere mawa.

Dzulo anandifunsa ngati mwana angakhulupirirenso munthu amene anamukhwatcha miyezi itatu. Anati mwina Enifa akana kubwera, ndipo iwo samukakamiza.

Kope ndalichonganso lonse ndi cholembera chobiriwira, koma mitanda ndaisiya, chifukwa a Tobias akufuna kuti Enifa aone kuti ndi yawo. Mayankho a mitu isanu yoyamba ndawalemba ndekha, ndipo aphunzitsi ena amene amagula mabuku kwa ine avomera kuwaunika Lachisanu. Loweruka m'mawa tikwera minibasi ya ku Liwonde, ine ndi a Tobias, titanyamula kope ndi buku.