Foni Imene Inabwerera Yokha

Onse ankangomutchula kuti Namawaya. Anayamba ndi kukonza mafoni osweka pakhonde la sitolo ya malume ake, kenako analembedwa ntchito kubungwe lothandiza amayi omenyedwa m'mabanja. Ankakhala m'kachipinda ka kuseri, mmene munali kompyuta yakale yolandira mafoni onse, ndipo alangizi a pabungwepo ankamuseka kuti anakwatiwa nayo. Pulogalamu yoyendetsa mafoniwo inali yaulere, yolembedwa ndi anthu ongodzipereka a m'maiko osiyanasiyana, ndipo aliyense anali ndi ufulu woisintha. Nkhani za pulogalamuyo ankazitsata ngati mmene ena amatsatira mpira.

Tsiku lina olembawo analengeza chatsopano: foni ikaduka, kompyuta izimuimbiranso yokha munthuyo. Namawaya anachiika m'mawa womwewo, akuganizira amayi amene mayunitsi amawathera nkhani ili pakati.

Masana mayi wina anaimba akunong'ona, n'kudula mwadzidzidzi chifukwa mwamuna wake analowa m'nyumba. Kompyuta inaimbanso. Anayankha ndi mwamunayo, ndipo mawu ojambulidwa anamuuza dzina la bungwe.

Posakhalitsa bamboyo anatulukira pabungwepo akukoka mkazi wake ndi tsitsi, mayiyo mlomo utang'ambika, diso litatupa mpaka kutsekeka. Mlonda atayesa kumuletsa, anamuombetsa mutu pageti. Alangizi anathawira m'bafa n'kudzitsekera. Namawaya yekha ndi amene anatuluka.

"Ndani akuimbira mkazi wanga?" anakuwa bamboyo.

"Ndi makina, bambo. Asiyeni kaye mayiwa, tikambirane."

"Makinawo ndiwe!"

Chibakera chinatera pakamwa, mano akutsogolo n'kuyoyokera pasimenti. Anamuponda m'nthiti ali pansi, kenako analowa m'kachipinda kaja n'kuyamba kuphwanya kompyuta ndi mpando. Namawaya anakwawa, magazi ali chuchuchu, n'kukankha chitseko chachitsulo cha kachipindako ndi phewa mpaka loko analowa. Bamboyo anabangula momwemo kufikira apolisi atabwera.

Kuchipatala Namawaya ndi mayiyo anawagoneka pamabedi oyandikana. Mayi uja atatulutsidwa anapita kwa achemwali ake osatsanzika.

Namawaya anatuma mng'ono wake kuti amubweretsere laputopu.

"Achemwali, mukufuna kufera pamawaya?"

"Iwe tangobweretsa."

Akupuma movutikira, anasintha pulogalamuyo kuti isamaimbirenso munthu pokhapokha mwiniwake atavomereza podina batani. Anatumiza zimenezi kwa olemba aja, n'kufotokoza zonse zimene zinachitika. Ena anakana, amati zichedwetsa anthu a mabizinesi. Anakangana nawo osatopa, akulemba chogona, mpaka anavomera.

Namawaya akugwirabe ntchito pabungwe lomwelo. Akamaseka amaphimba pakamwa ndi dzanja, ndipo kukazizira nthiti zimamubaya. Bambo uja anatuluka kundende chaka chatha. Kuchokera pamenepo mng'ono wa Namawaya amamuperekeza popita ndi pobwera kuntchito, atanyamula chitsulo m'chikwama.