Ndinaotcha zojambula za mwana wanga

Inu owerenga, ine ndine mayi amene ndinatseka njira ya mwana wanga ndi manja anga omwe. Sindinachite chifukwa chomuda ayi, anali mantha. Zala ziwiri za dzanja langa lamanja zili ndi zipsera mpaka lero, ndipo anthu akandifunsa pamsika ndimati ndinapsa ndi mafuta a mandasi. Limenelo ndi bodza. Lero ndinena zoona zake, mwina kholo lina lingaphunzirepo kanthu.

Ndimakhala m'mudzi wina kufupi ndi Golomoti. Ndimalima mpunga ku Bwanje n'kumagulitsa pamsika, ndipo ondidziwa angakuuzeni kuti ndine wapakamwa, pamkangano sindigonja. Amuna anga anamwalira mwana wathu Tiyamike akadali ku pulayimale. Chithunzi chawo chinali chimodzi chokha, cha paukwati wathu, ndipo chinapita ndi madzi chaka chimene mtsinje unasefukira n'kugwetsa nyumba yathu yoyamba. Ndinatsala ndi Tiyamike basi.

Mwana ameneyu anabadwa ndi luso m'manja. Ali wamng'ono ankajambula pansi ndi kamtengo, kenako anasamukira pakhoma ndi makala, moti kangapo konse ndinamuthira mkwapulo chifukwa chodetsa nyumba yozira kumene. Atafika Fomu 4, madamu ake ena a ku Mtakataka anabwera kunyumba kudzandiona. Anandiuza kuti kuyunivesite kuli maphunziro a zojambulajambula, kumene amaphunzira anthu opanga maluwa a pazitenje ndi zithunzi za m'mabuku. Anati kumeneko mapointi okha sakwanira, amafunanso kuona ntchito za manja a mwanayo, choncho Tiyamike ayambe kusunga zojambula zake zabwino.

Ine ndinaseka n'kufunsa kuti, “Madamu, ndiye kuyunivesite amaphunzitsanso kudetsa makoma?” Koma mumtima ndinali nditakondwa zedi. Sabata yomweyo ndinamugulira mapepala akuluakulu ndi mapensulo, ndipo pamsika ndinkauza aliyense, ngakhale wosafunsa, kuti mwana wanga akupita kuyunivesite. Madamu anapempha kuti zojambulazo zizisungidwa kusukulu. Ndinakana ine, ndinati kusukulu kwanuko chiswe chimadya ndi mabuku omwe, kwanga kuli sutikesi yachitsulo. Inu owerenga, chiswe chenicheni chinali ine.

Madamu anamulangiza kuti asamakopere zithunzi za pakalendala, azijambula anthu amoyo atakhala patsogolo pake. Woyamba kujambulidwa anali a Zuze, mkulu wina woluka mphasa. Anthu anasonkhana kudzaona, ena mpaka kugwira pakamwa, chifukwa a Zuze anali pomwepo papepala, ndi ng'ala ya m'diso lawo yomwe. Mvula isanathe a Zuze anamwalira. Palibe anaganiza kanthu, anali munthu wamkulu. Kenako anajambula a Nangozo, mayi wokalamba amene ankakhala yekha kuseri kwa tchalitchi, ndipo nthawi yokolola tinawaika m'manda. Wotsatira anali Yohane, bambo wachinyamata amene anabwerako kunyanja kokapha nsomba akutsokomola. Nayenso sanakhalitse.

Pamaliro a Yohane ndi pamene ndinayamba kuona zachilendo. Ndikafika pamene amayi akuphika, nkhani inkathera pomwepo, aliyense n'kuyang'ana mumphika mwake. Pobwerera kumanda, a Nasibeko, mnansi wanga, anandikokera pambali. Anati, “Anzanga, musati sitinakuuzeni. Mwana wanuyu akamujambula munthu amamutenga mzimu n'kuutsekera papepala. Tawerengani nokha amene wawajambula.”

Ndinawalalatira a Nasibeko mpaka anthu anatigwira. Ine ndimapemphera, ndimaimba kwaya, ndipo ndinanena poyera kuti imeneyo ndi nsanje. Koma mawu ali ngati munga, ukathyokera m'phazi umayenda nawo. M'mudzi zinthu zinasintha. Tiyamike akamadutsa ndi mapepala ake, amayi ankakokera ana m'nyumba, atsikana anzake n'kumaphimba kumaso ndi chitenje. Ena amene ankagula mpunga kwa ine anayamba kundilambalala. Masana ndinkamuikira kumbuyo mwana wanga, koma ndikamuona wakhala pakhonde akundiyang'anitsitsa, pensulo ili m'manja, ndinkapeza chochita kuseri kwa nyumba. Kumufunsa iyeyo sindinamufunse, madamu akenso sindinapite kukawaona. Ndinangosunga mantha anga ngati mbewu.

Mayeso atatha, nthawi yotumiza zofunsira malo inafika. Tsiku lina m'mawa Tiyamike anapita ku Mtakataka kukapangana ndi madamu, amene anati adzabwera mawa lake ndi foni yawo yabwino kudzajambula ntchito zonse n'kuzitumiza. Inali nyengo yotentha ija imene nkhuku zimagona pamthunzi kukamwa kuli yasa. Pofika masana m'mudzi munali zii, kunkangomveka nyenje. Ndinalowa kuchipinda, ndinatsegula sutikesi, ndikudziuza kuti ndikungofuna kuona ngati mphemvu sizinalowemo.

Ndinayala mapepala apamwamba pamphasa. A Zuze, a Nangozo, Yohane. Anthu amene ndinawaperekeza kumanda ndi miyendo yanga anali m'chipinda mwanga, akundiyang'ana. Ndinasunthira kukhomo, maso awo ananditsatira. Ndinabwerera kuzenera, anali akundiyang'anabe. A Nangozo milomo inali yotseguka pang'ono, monga ankachitira akafuna kupempha madzi. Ndinadziseka ndekha kuti mayi wamkulu ngati ine ndikuopa pepala, koma kuseka kwanga kunamveka ngati kwa munthu wina.

Kenako ndinatulutsa pepala lotsatira. Inu owerenga, ndinadziona ndekha. Ndinali nditagona chagada pamphasa, maso otseka, manja pachifuwa, ndipo nsalu inali itandimanga kuchokera kuchibwano mpaka pamutu. Ine ndi mmodzi mwa amayi amene timasambitsa maliro m'mudzi mwathu. Mmene timamangira chibwano cha munthu amene watisiya ndimadziwa bwino, ndipo kamangidwe kake kanali komweko. M'mutu munabwera mawu a a Nasibeko, ndipo ndinati kani wotsatira ndine.

Sindinayang'anenso zimene zinatsala musutikesi. Ndinanyamula mulu wonse kupita nawo kudzala, ndinaunjikapo mapesi a mpunga n'kuyatsa machesi. Mapepala anayamba kupindika, nkhope zija zikukwinyika ngati zikumva ululu, pakamwa pa a Zuze pakuda n'kubooka. Mphepo kunalibe tsiku limenelo, koma mwadzidzidzi kamvuluvulu anatulukira m'njira, anazungulira padzalapo, n'kuulutsa mapepala apamwamba amene anali atapsa kale. Pansi penipeni panaoneka nkhope ina imene moto unali utangoyamba kuinyambita m'mbali.

Anali amuna anga. Mpata wa m'mano mwawo, chipsera cha pansidze chimene anachipeza atagwa panjinga, ndi kayang'anidwe kawo ka cham'mbali akafuna kundiseka. Zaka zonsezi ndinali ndisanawaone, ndipo nkhope yawo inali itayamba kundisokonekera m'maganizo. Tsiku limenelo anandiyang'ana ali m'moto. Ndinapisa dzanja kuti ndiwatulutse, koma chimene ndinagwira chinali phulusa lotentha. Zipsera zija ndi zimenezo.

Tiyamike anafika dzuwa litapendeka, ali ndi chimwemwe, n'kupeza sutikesi ili pululu. Mwa chizolowezi changa ndinayamba ndine kukalipa. Ndinamufunsa chimene ndinamulakwira kuti andijambule ndili maliro. Mwanayo sanalire. Anangoti, “Amayi, dzino lija mwaiwala?”

Ndinakhala pansi. Miyezi ingapo m'mbuyomo dzino linandivuta mpaka tsaya kutupa, ndipo ndinadzimanga nsalu kuchibwano n'kugona masana pamphasa. Iye anati tsiku limenelo ndi lokhalo limene anandionapo nditakhala malo amodzi osatekeseka, ndiye anathamangira pensulo. Za anthu ena aja anati, “Nanga munthu wamphamvu m'mudzi muno amakhala pansi? Onse amakhala ali ku sikimu ya mpunga kapena kunyanja. Amene ankandilola kuwajambula ndi okalamba ndi odwala, chifukwa analibe kopita, ndipo ankakondwa kuti apeza wocheza naye.” Nkhope ya bambo ake anati anaijambula pang'onopang'ono kuchokera m'mutu, akufufuta n'kuyambiranso, ndipo ankafuna kudzandionetsa tsiku lotumiza.

Yankho lake linali lapafupi choncho, loti ndikanalipeza ndi funso limodzi. Akuluakulu amati kandimverere anakanena za m'maluwa, ine ndinachita kuposa pamenepo, ndinakayatsa moto.

M'mawa mwake madamu anafika ndi foni yawo. Ndinawaonetsa dzala. Sanandinyoze, ndipo ndikanakonda akanandinyoza. Anamulimbikitsa Tiyamike kuti ajambule zina mwachangu nthawi isanathe, koma ndani akanalola kukhala patsogolo pake? Mbiri inali itafala kale kuti ngakhale mayi ake enieni aotcha zinthu zija, ndiye kuti zinalidi ndi kanthu. Moto wanga ndi umene unatsimikizira bodza la anthu. Anayesa kujambula mitengo ndi mbuzi, koma zimene anatumiza zinali zochepa ndi zothamangira. Mayeso anakhoza bwino ndithu, koma pa maina a otengedwa ku maphunziro amene ankawafuna, lake panalibe.

Chimene chinanditsiriza chinabwera chaka chotsatira. Ana a a Zuze anafika kuchokera kutauni kudzamanga chiliza cha bambo awo, ndipo monga zikuchitikira masiku ano, ankafuna kusindikiza nkhope ya malemuwo pa nsalu ndi pa malaya oti abale avale tsiku lotsegulira manda. Anafufuza m'nyumba monse, chithunzi chooneka bwino sanachipeze. Wina anawauza kuti mwana wa uje anawajambula bwino kwambiri, ndipo amene anawaperekeza pakhomo panga anali a Nasibeko omwe aja, akumwetulira ngati sanayankhulepo kanthu ndiponso ngati za moto uja sanamve. Mwana wamkazi wa a Zuze anagwada pakhonde panga kupempha nkhope ya bambo ake. Ine wapakamwa uja ndinangoloza kudzala.

Pano Tiyamike amakhala kwa azakhali ake ku Salima. Amalemba zikwangwani za mashopu, kujambula nkhuku pamakoma a ogulitsa tchipisi ndi mitu yometa bwino pamakomo a ometa tsitsi. Amanditumizira sopo ndi shuga, ndipo sanandinenepo mawu oipa. Madamu amamuimbirabe foni kuti ayesenso, iye amangoti aona.

Ndinalimba mtima tsiku lina n'kumupempha kuti andijambulirenso bambo ake. Anangoti chabwino. Pa Khirisimasi anabwera ndi pepala lalikulu lokulungidwa bwino, ndipo ndinalitambasula. Tinalipo awiri, ine ndi amuna anga, titakhala pakhonde la nyumba yathu yakale ija. Malaya awo a mizeremizere analipo, njinga yawo itatsamira khoma, chitenje changa ndi maluwa ake onse, ngakhale mitsempha ya m'manja mwathu. Koma pamene panayenera kukhala nkhope zathu panali poyera, pepala lokhalokha.

Ndinamuyang'ana. Iye anati, “Ya bambo ndayesetsa, amayi, sikubweranso. Inapita ndi utsi uja.” Ndinafunsa za yanga, poti ine ndilipo ndipo amandiona. Anayankha mofatsa, wopanda mkwiyo uliwonse, “Yanuyo ndaisiya dala, kuti musaope.”

Inu owerenga, makamaka makolo anzanga, mwana wanu akakhala ndi luso limene simukulimvetsa, musathamangire kwa anansi kuti akumasulireni. Mufunseni mwini wakeyo, khalani naye pansi, muuzeni ngakhale mantha anu. Pitani kwa aphunzitsi ake, ndipo akati ntchito zake zisungidwe kusukulu kapena zijambulidwe pafoni msanga, musachite makani ngati ine. Kumugulira mapepala ndi mapensulo n'kosavuta, ndinachita zimenezo ndipo ndinkadzitama nazo. Chovuta ndi kuima naye tsiku limene mudzi wonse wamutembenukira, ndipo inu nomwe mwayamba kumuopa. Madzi akatayika saoleka.

Chithunzi chija ndinachipachika pabalaza. Alendo akafunsa chifukwa chake anthuwo alibe nkhope, ndimati mwana sanamalize. M'mawa uliwonse ndisanapite kumsika ndimaima patsogolo pake, kuyang'ana poyera paja, kuyesa kukumbukira kuti chipsera cha amuna anga chinali pansidze ya kumanja kapena ya kumanzere. Amene ankadziwa anali mwana wanga, ndipo ndinamuotchera.